Msewu wa Kanthawi Ndi Msewu Ndithu

Mvula ikatha, chimanga chitalowa m'nkhokwe ndipo fodya atayamba ulendo wa ku okushoni, m'midzi mumayamba ntchito ina, ndiyo yomanga. Wina aumba njerwa za balani, wina aimika chigafa chatsopano, wina afuna nyumba ya malata, ndipo pena mudzi wonse ugwirizana zowonjezera chipinda pasukulu. Zonsezi n'zokondweretsa, pakuti zisonyeza kuti thukuta la mlimi silinagwe pachabe.

Koma njerwa, mchenga, simenti ndi mitengo ya milimo sizifika zokha pamalo omangapo. Zibwera pangolo, pathirakitala kapena palole, ndipo kawirikawiri malowo ali kutali ndi msewu wa Boma. Tsono mwini ntchito atenga khasu ndi chikwanje, nalambula kanjira kodutsa m'munda, nati, "Bola galimoto ipite, ndi msewu wa masabata awiri okha."

M'mawu amenewa ndimo mubisala tsoka. Lole yodzaza mchenga sipepuka chifukwa chakuti msewu ndi wa masabata awiri. Ng'ombe zotsika mtsetse ndi ngolo ya njerwa sizidziwa kuti mawa njirayo idzalimidwa. Madzi a mvula nawonso safunsa ngati malowo mwawatcha msewu kapena munda. Chifukwa chake msewu wa kanthawi ufunika kuulingalira katundu woyamba asanafike, kuusamala masiku onse a ntchito, ndi kuutseka bwino ntchito ikatha.

Mlimi ndi balani yake

Tiyerekeze mlimi wa fodya amene afuna kumanga balani. Njerwa anaumbira kudambo, kumene kuli dothi ndi madzi, ndipo uvuni uli komweko. Balaniyo aifuna kumtunda, pafupi ndi nyumba. Pofuna kufupikitsa ulendo alambula njira yolunjika, yokwera chitunda osakhota. Mwini lole amlipiritsa pa ulendo uliwonse, chotero mlimi auza anyamata kuti apakire mpaka pamwamba, maulendo achepe. Kumtunda kulibe potembenukira. Lole ifika chobwerera m'mbuyo, nisendera pafupi ndi maziko okumbidwa kale kuti otsitsa njerwa asavutike kunyamula.

Ulendo woyamba ndi wachiwiri zonse zili bwino. Ulendo wachitatu mlomo wa dzenje ugumuka, tayala lam'mbuyo lilowa, lole ipendekeka, ndipo njerwa zikhuthukira m'maziko momwe muli mnyamata waganyu. Ndalama za fodya zimene zikanagula malata ndi feteleza zithera kuchipatala ndi kwa mwini lole. Mlanduwo suthera pomwepo ayi. Mvula ya Disembala ipeza mikwaso iwiri ya matayala yolunjika kudambo, nitsata momwemo, ndipo pofika Febuluwale pakati pa munda wa chimanga pali chigwembe cholekeza munthu m'chiuno.

Munthu ameneyu sanalodzedwe. Analakwitsa zinthu zisanu: njira yolunjika pachitunda, katundu wopitirira muyeso, kusowa potembenukira, kusendera padzenje, ndi kusiya njira osaitseka. Zonsezi zikanapeweka ndi ntchito ya khasu ya tsiku limodzi kapena awiri.

Kusankha podzera

Musanalambule, yendani pansi njira yonse pamodzi ndi amene adzayendetse ngolo kapena lole. Njira yabwino itsata msana wa mtunda, pouma, posakhala madzi. Katondo ndi lubwe zipirira kulemera. Makande a kudambo alimba ngati mwala m'chilimwe, koma akangonyowa aterera ngati therere, nameza matayala. Pewani pamene panali chimbudzi chokwiriridwa, dzala, chitsime chakale kapena chulu chogumulidwa. Pamwamba pamera udzu wokongola, koma pansi m'pofewa ndiponso pali mphako.

Pachitunda njira ikwere chopingasa, monga zikwerera ng'ombe zokha popita kubusa. Muyeso wabwino ndi uwu: pa mamita 10 alionse njira isakwere kupitirira mita imodzi. Chingwe ndi levulo zimene alangizi ayezera akalozera zikhoza kuyezanso msewu, ndipo mukawapempha adzakuthandizani kukhoma zikhomo. Njira yotere italika pang'ono, koma mtunda wowonjezerawo ndi wotchipa kuposa ng'ombe yothyoka mwendo.

Lole yaikulu ili ndi mamita awiri ndi theka m'lifupi mwake. Tsono lambulani mamita 4, ndipo zitsa muzizule, osangozidula. Ngati njira ndi yaitali, konzani popatukira kuti ngolo ndi lole zikakumana, ina idikire. Pamene njira yanu ilowa mumsewu waukulu pasakhale pokhota kapena paseri pa chitunda, ndipo tchetchani udzu kuti wotuluka aone mbali zonse ziwiri. Alimi a fodya akumbukirenso fumbi. Njira isadzere pafupi ndi nazale, ngakhale pafupi ndi chigafa chimene mudakali fodya, pakuti fumbi limamatira pamasamba, ndipo tsamba lamchenga ligwa mtengo pamsika.

Maso anyenga pa kulemera

Mlimi aliyense adziwa kulemera kwa thumba la chimanga, makilogalamu 50. Koma ambiri sadziwa kulemera kwa zomangira. Njerwa imodzi yootcha ilemera pafupifupi makilogalamu 3. Ndiye kuti njerwa 170 zokha zilingana ndi matumba 10 a chimanga, ndipo njerwa 1,000 ndi matani 3, ndiwo matumba 60. Mchenga wonyowa wodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu ulemera pafupifupi matani 2. Chotero ngolo ioneka ngati siinadzaze, chikhalirecho yapitirira kale chimene ng'ombe zingathe.

Ngolo zathu zambiri zilibe mabuleki. Pokwera chitunda ng'ombe zikoka katundu, koma potsika katundu ndiye akankha ng'ombe, ndipo mphamvu yonse igwera pagoli ndi pakhosi. Katundu akapitirira, ng'ombe ziyamba kuthamanga zosafuna, ndipo pokhota poyamba ngolo igubuduzika. Ngati m'njira muli mtsetse, chepetsani katundu, muusanje bwino pamwamba pa matayala, ndipo mangani chipika kumbuyo kuti chizikwekwereza pansi. Woyendetsa atsike, aziyenda pambali pa ng'ombe, osati pakati pa ng'ombe ndi ngolo. Poima pachitunda tsekerani matayala ndi miyala. Ntchito imeneyi si ya ana a sukulu, ngakhale ng'ombezo ziwadziwa.

Lole yonyamula matani 7, mukaphatikiza kulemera kwake kwa iyo mwini, ipitirira matani 10, ndipo kulemera kwambiri kuli pamatayala am'mbuyo. Mlatho wa mitengo umene mudzi unamangira ngolo ndi njinga sunamangidwire katundu wotere. Lole isanawoloke, tsikirani kunsi mukaone ngati mitengoyo siinadyedwe ndi chiswe. Mukakayika, tsitsani katundu tsidya lino ndi kumuwolotsa pangolo pang'onopang'ono.

Madzi saiwala khwawa

Mdani wamkulu wa msewu wadothi ndi madzi, ndipo mkwaso wa tayala ndi khwawa limene mwawakumbira nokha. Tukulani pakati pa msewu ngati msana wa ng'ombe kuti madzi azitsikira m'mbali. Pamsewu wa mamita 4, pakati pakwere masentimita 10 kuposa m'mphepete, ndiko pafupifupi chikhatho cha munthu wamkulu m'lifupi mwake. Kumbani ngalande mbali ya kumtunda, ndipo madziwo muziwapatutsa kawirikawiri asanasonkhane mphamvu. Potsetsereka kwambiri, popatutsira pakhale pafupipafupi. Muwatayire m'tchire kapena pamzere wa udzu wa vetiva, osati m'munda wa mnansi wanu.

Pamene msewu udutsa pa kalozera kapena pamgula, musagumule. Mukatero mwatsegula khomo limene madzi a munda wonse adzatulukirapo. Thirani dothi mbali zonse ziwiri kuti ngolo izikwera pamwamba pake mosavuta. Maenje a mumsewu akwirireni ndi lubwe kapena zidutswa za njerwa; udzu ndi dothi lapamwamba zingobisa dzenje osalichiza. Ngati mvula yagwa usiku, lole idikire kufikira pansi patauma. Ulendo umodzi wa pamatope uwononga msewu kuposa maulendo ambiri a pouma.

Powoloka khwawa, sankhani pouma pansi, chepetsani magombe, ndi kuyala miyala. Koma madzi akadzaza palibe msewu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola milatho ndi misewu ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo anthu anakhala nthawi akuwolokera pamalo ongoyembekezera. Malo otere sakhala chimodzimodzi masiku onse: madzi adya kunsi, pamwamba pakuoneka bwino. Madzi othamanga ozama masentimita 60 akhoza kukokolola galimoto, ndipo ochepa kuposa pamenepo agwetsa munthu wamkulu. Dikirani aphwe.

Pomangapo penipeni

Ngozi zambiri zoopsa sizichitika m'njira, koma pofika, pamene pali anthu, maenje ndi milu ya katundu. Chinthu choyamba kukonza ndi potembenukira. Ngati malo alipo, njira izungulire, lole ilowe mbali ina nitulukire mbali ina, osabwerera m'mbuyo. Sankhaninso potsitsira katundu, pathyathyathya, maziko asanakumbidwe.

Kodi munakhalapo pampando wa dalaivala wa lole? Khalanipo tsiku lina, ndipo muuze mnzanu aime kumbuyo kwa bodi. Simudzamuona. Ngati munthu wamkulu saoneka, nanga mwana wokwawa? Chifukwa chake lole ikayenera kubwerera m'mbuyo, pakhale munthu mmodzi yekha woilondolera. Aime pambali, pamene dalaivala amuona pagalasi, osati kumbuyo kwa matayala. Agwirizane zizindikiro za manja injini isanalire, ndipo dalaivala akangoleka kumuona, aime nthawi yomweyo. Anthu asanu ofuula pamodzi sathandiza; asokoneza.

Dzenje lililonse lili ndi mlomo wofooka. Lamulo lake n'losavuta: tayala likhale kutali ndi mlomo wa dzenje mtunda wosachepera kuzama kwa dzenjelo. Dzenje lozama mita imodzi, tayala likhale kutali mita imodzi. Pamchenga kapena ponyowa, onjezerani. Gonekani chipika chachikulu chokhomeredwa ndi zikhomo pamene matayala ayenera kulekeza. Galimoto ikamayandikira, onse a m'dzenje atuluke. Tipa isakhuthule popendekeka, pakuti bodi ikakwera kulemera kukwera nayo, ndipo galimoto igwa cham'mbali.

Anthu oyenda pansi akhale ndi njira yawoyawo. Amayi otunga madzi a matope ndi anyamata a wilibala asadzere momwe mudzera lole. Ana akonda galimoto ngati ntchentche pa uchi, ndipo pomanga sukulu ndiwo ali pafupi kwambiri. Aphunzitsi ndi komiti agwirizane ndi dalaivala kuti katundu azifika ana ali m'kalasi, osati nthawi yopuma kapena yoweruka. Munthu asakwere pamwamba pa njerwa kapena mchenga, ndipo galimoto ikaima, dalaivala azimitse injini, achotse kiyi, natsekere matayala.

Yang'ananinso kumwamba. M'midzi yambiri tsopano mwadutsa mawaya a ESCOM. Tipa isatukule bodi pansi pa waya, ndipo mitengo yaitali kapena zitsulo zisaimikidwe pamenepo, pakuti magetsi amphamvu alumpha ngakhale chitsulo chisanakhudze. Galimoto ikakhudza waya, munthu asaiyandikire, ndipo dalaivala akhale momwemo kufikira magetsi atazimitsidwa. Ngati moto wayamba, alumphe miyendo pamodzi, osagwira galimoto ndi nthaka nthawi imodzi, nachoke chokwekwereza mapazi.

Misewu yopatuka ya makontilakitala

Pali msewu wina wa kanthawi umene mlimi saulambula yekha, koma ayendamo. Mu 2022 inayamba ntchito yokonzanso makilomita 301 a msewu wa M1, kuchokera pamphambano ya bwalo la ndege la Kamuzu, kudzera ku Mponela, Madisi, Kasungu ndi Jenda kufikira pamphambano ya ku Mzimba, ndiponso kuchokera ku Kacheche kufika ku Chiweta. Chigawo chachikulu cha msewuwu chidutsa pakati pa minda ya chimanga ndi fodya, ndipo ndimo mudzera mabelo opita ku Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu. Kulikonse kumene kuli ntchito yotere, magalimoto apatutsidwira mumsewu wadothi wa m'mbali, ndipo malole a mchenga ndi miyala adzera m'midzi popita kokumba.

Mumsewu wopatuka muyenda mabasi, malole, njinga ndi ngolo pamalo opapatiza. Lole ikadutsa isiya mtambo wa fumbi, ndipo wobwera pambuyo pake saona kanthu. Galimoto yothamanga makilomita 40 pa ola iyenda mamita 11 pa sekondi imodzi, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti iime utawaponda mabuleki uwirikiza kanayi. Pafumbi ndi pamiyala yosagwirana mtundawo uonjezerekanso. Msewu ukathiridwa madzi fumbi lichepa, koma uterera. Oyendetsa ngolo ndi njinga asunge izi:

1. Yendani kumanzere, ndipo fumbi likachuluka patukani, muime kufikira litatha.

2. Mverani wogwira mbendera. Yofiira itanthauza kuima, ngakhale inu simukuona kanthu kutsogolo.

3. Musalowe pamene patsekedwa ndi migolo kapena chingwe pofuna kufupikitsa njira. Kutsogoloko kukhoza kukhala dzenje la kalavati losakwiriridwa.

4. Ngolo ifike kunyumba dzuwa lisanalowe. Ikani zonyezimira kumbuyo kwake, ndipo woyendetsa avale zowala.

5. Ng'ombe zosazolowera phokoso la makina zigwireni pamutu podutsa.

6. Mangani bwino mabelo ndi matumba, ndi kufunda lona poteteza fumbi.

Mudzi nawo uli ndi pakamwa. Ngati malole athamanga pafupi ndi sukulu, msika kapena mjigo, amfumu ndi komiti ya chitukuko apite kwa kapitawo wa ntchitoyo, akapemphe zikwangwani, mahampu, kuthira madzi pafupi ndi nyumba, ndi munthu wa mbendera pamene ana awolokera. Akapanda kumva, nkhaniyo ipite ku ofesi ya Bwana DC kapena ku Roads Authority. Ngati msewu wopatuka udzadutsa m'munda mwanu, funsani za chipukuta misozi ndi za kukonzanso mundawo makina asanalowe, ndipo zogwirizanazo zilembedwe. Safunsa anadya phula.

Ntchito ikatha

Balani ikafoleredwa, anthu akondwera, naiwala njira imene inabweretsa njerwa. Komatu njirayo ikadali ndi ntchito yake yoipa. Matayala agogomeza nthaka kufikira pansi, kotero kuti madzi salowa ndipo mizu siyenda. Mukayang'ana munda wa chimanga mudzaona mizere iwiri ya mbewu zofupika, zachikasu: ndipo panadutsa lole.

Mvula isanagwe, gawulani njirayo mozama, thirani manyowa, kwirirani mikwaso, ndipo bwezeretsani mizere ndi akalozera monga zinaliri. Potsetsereka dzalani vetiva chopingasa. Tsekani polowera ndi minga kapena mitengo kuti ena asazolowerepo. Ngati mwaona kuti njirayo idzafunikabe potuta chimanga ndi fodya chaka ndi chaka, lekani kuitcha ya kanthawi. Ithireni lubwe, ndipo ngalande zake muzizipala mvula isanayambe.

Musaiwale maenje amene munakumbamo dothi la njerwa, ngakhale amene kontilakitala anakumbamo lubwe. M'dzinja adzaza madzi, aswa udzudzu, ndipo ana ayesa dziwe losambira, osadziwa kuzama kwake ndi kuterera kwa magombe ake. Aang'ono akwirireni, aakulu agumuleni magombe kuti akhale otsetsereka pang'ono, ndi kuwatchinga. Kontilakitala akumbutsidwe za maenje ake makina ake asanachoke, pakuti akachoka kumuitananso n'kovuta.

Tsono inu amene mwaumba kale njerwa chaka chino, musanatume uthenga kwa mwini lole, tengani khasu, itanani alangizi ndi woyendetsa, muyende njira yonse kuchokera pauvuni kufikira pomangapo. Onani chitunda, onani pofewa, onani potembenukira, onani kumene ana asewera. Balani imangidwa kuti idyetse banja. Njira yake isakhale yochotsa mmodzi wa banjalo.